Denga la Amayi ku Nangongwe

Ndinaganiza zochoka kwathu ku Nangongwe, ku Kafue, tsiku limene mvula inanyowetsa bedi la amayi mpaka tinawagoneka pampando. Ndinapita ku Joni kukagwira ntchito ya m'nyumba, mtima uli pa chinthu chimodzi: denga latsopano.

Zaka zitatu ndinakolopa nyumba za anthu osatha n'komwe kutchula dzina langa. Lamlungu ndinkakhala ndekha m'kachipinda, ndikumvetsera mauthenga a mlongo wanga wamng'ono, Sitefano, pafoni. Mwamuna ameneyu matama anabadwa nawo.

"Ba sisi, imwe tumani chabe ndalama. Mabilida ni ba chani? Ine denga nimaiziba kuchila bonse mu Kafue!"

Ndinamuchonderera kuti apeze mmisiri, mitanda imangidwe kukhoma ndi waya monga achitira aliyense. Iye anakhoma yekha, waya osaika, pamwamba n'kusanjapo miyala ndi matayala akale. Kenako anazungulira msika wonse akudziguguda pachifuwa kuti wawamangira amayi nyumba. Ine wokolopa sananditchule.

Mu Ogasiti, dzuwa likuswa mtengo, mphepo yafumbi inafika. Inakankha, n'kuleka, n'kubweranso mwaukali. Denga lonse linanyamuka, khoma limodzi n'kugwera m'kati. Uthenga ndinaumva kwa aneba, osati kwa mwini matama.

Ulendo wonse wa pabasi ndinkakonza zomulalatira. Nditafika ndinapeza malata anga atapindikapindika m'dimba la eni ake, amayi akusungidwa kwa mnzawo wa kutchalitchi. Sitefano anali pakhonde pomwepo, mkono uli m'mabandeji. Sindinamupatse ngakhale moni.

"Iwe! Kamwa yako yanidyela zaka zitatu! Sembe unabapaya amai!"

Anayankha ndi amayi, osakweza mawu.

"Wasiliza? Denga anaononga, zoona, ni chipuba uyu, alibe nzelu. Koma pamene khoma inali kugwa, ine nenze mukati. Uyu ndiye anangena kunichosa, njelwa zinagwela pa eve. Iwe nikanakuitana, sembe unanimvela ku Joni?"

Zinandipweteka kwambiri. Kodi ku Joni ndinapita kukasewera? Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwafunse, koma amayi anali atatembenukira kale kwa mwana wawo, akumukonzera nsalu yokolekera mkono. Ndinaima pabwalopo chikwama chili m'manja, mkwiyo uli tho, koma woukhuthulira ndinamusowa.