Nyumba Yobiriwira ya a NyaManda

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 6, mvula itatikana ku Nkhata Bay. Kwathu mvula sitinkaipempha, inkabwera yokha mpaka kutitopetsa, koma chaka chimenecho Disembala analowa kumwamba kuli mbee. Njira yochokera ku Chikale kupita kusukulu inkaotcha mapazi, ndipo chinangwa chimene amayi anabzala ndi kamvula konamiza ka Novembala chinauma chili chiimire.

Tili pafupi kutsekera sukulu, aphunzitsi athu a sayansi, a Mhango, anatiphunzitsa za kutentha kwa dziko. Anali ochokera kumtunda, cha ku Mzuzu, ndipo thukuta lakunyanja linkawasautsa moti kansalu kopukutira thukuta sikankachoka m'manja. Anati dziko lonse likutentha, mvula ikusokonekera, ndipo chochititsa ndi mpweya wa girinihausi. Ndikukhulupirira kuti anafotokoza zambiri, koma ine ndinkakhala kumbuyo pafupi ndi zenera, kumene kunkalowera fungo la zitumbuwa. Ndinatolapo liwu limodzi lokhalo.

Tsono Chingerezi ndinkadzitama nacho. Girini ndinkadziwa kuti ndi kubiriwira, hausi ndi nyumba. Ndipo ku Chikale konse nyumba yopaka penti yobiriwira inali imodzi basi, ya a NyaManda, mayi wamasiye amene ankawamba nsomba. Kuseri kwa nyumba yawo kunali migolo iwiri yodula pakati, waya pamwamba, ndipo utsi unkafuka kuyambira m'mawa mpaka madzulo, wonunkhira mafuta a nsomba za batala. Ndikuchokera kusukulu ndinaima n'kuyang'ana nyumbayo, n'kuyang'ana utsiwo ukukwera. Zimene asayansi a dziko lonse ankadandaula nazo, ine mwana wa ku Chikale ndinali nditazipeza pafupi ndi chimbudzi chathu.

Nzeru zotere sizisungika m'mimba. Tsiku lomwelo, potsuka mbale kunyanja, ndinauza azimayi amene analipo kuti aphunzitsi anena kuti utsi wa nyumba yobiriwira ndi umene ukutentha dziko ndi kuthamangitsa mvula. Ena anaseka, koma ena anangoyang'anana. Paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Pofika tsiku lachitatu nkhani inandibwerera itavala zovala zina: akuti a NyaManda amanga mvula mumgolo kuti nsomba zawo ziziuma bwino, ndipo akuti zimenezi zalembedwa ngakhale m'buku la kusukulu.

Apa zinasiya kukhala zoseketsa. Azimayi ogula nsomba zokagulitsa ku Mzuzu anayamba kudutsa pakhomo pawo ngati sakuwaona. Anyamata anagenda malata awo dzuwa likuswa mtengo. Lamulungu kutchalitchi, benchi imene a NyaManda anakhalapo inali ndi malo a anthu asanu, koma anakhalapo okha. Ndinawaona atawerama, akupinda ndi kupindanso nsonga ya chitenje. Aliyense ankadziwa zimene zimachitikira nkhalamba ikatchulidwa kuti yamanga mvula.

Amayi atafufuza kumene nkhani inachokera, anaipeza ikudya nsima ya kondowole m'nyumba mwawo momwe. Anandigwira khutu, ndipo khutu limenelo ndi limene linatsogolera ulendo wonse mpaka kunyumba kwa a Mhango. Aphunzitsi atamva mmene ndinamasulirira liwu lawo anaseka mpaka kutsamira chitseko. Atamva za miyala ija kuseka kunatha, n'kuvala nsapato.

Anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa a NyaManda. A Mhango, m'Chitumbuka chawo chosakaniza ndi Chichewa, anafotokoza kuti girinihausi ndi nyumba ya magalasi imene anthu a kumayiko ozizira amalimamo ndiwo zamasamba, chifukwa imalowetsa dzuwa koma kutentha sikutuluka. Anati utsi wa mafakitale, wa magalimoto ndi ndege, kuphatikizapo nkhalango zimene zikudulidwa ndi kuotchedwa, wafunditsa dziko bulangeti lotere, ndiye kutentha kukuchuluka ndipo nyengo ikusokonekera. Anati mbali yaikulu ya utsiwo imachokera kutali, kumayiko amene ambiri a ife sitidzapondako.

A NyaManda anamvetsera mpaka kumapeto manja ali pamiyendo. Kenako anati, "Ada Mhango, ndiye mukuti azungu ndi ndege zawo zonse alephera kumaliza dziko, koma ine NyaManda ndi migolo iwiri ndalikwanitsa? Mphamvu zimenezo ndilibe cha. Ndikanakhala nazo, bwenzi ndayamba ndaitana vula pamunda panga."

Anthu anaseka, ena mwamanyazi. Ine ndinagwada n'kupepesa. A NyaManda anati, "Dzuka, Sayansi, ungatenthe mawondo." Dzina limenelo linandimamatira mpaka ku sekondale.

Ndinaganiza kuti zatha. Ogula anabwerera, mvula nayo inadzagwa Khirisimasi itapita, yamkuntho, n'kukokolola minda ya m'mapiri. Koma m'mawa wina ndinapeza a NyaManda atakwera pampando, akupaka njereza khoma lawo, mzere ndi mzere, mpaka nyumba yonse inayera. Ndinafunsa amayi chifukwa chake, popeza aphunzitsi anali atafotokoza kale. Amayi anati, "Afotokozera amene anabwera. Nanga amene sanabwere?" Kenako anandiuza kuti penti ija inali yotsala pa boti la amuna a NyaManda, ndipo amene anapaka nyumbayo ndi amunawo, ndi manja awo, chaka chimene anamwalira. Tsiku limenelo sindinadye.

Masiku ano mawu akuti kusintha kwa nyengo ali pakamwa pa aliyense. Asodzi amawatchula akabwerako ndi usipa wosadzaza ndowa, alimi amawatchula mvula ikachedwa kapena ikabwera yogumula nyumba. Mapiri amene tinkatolako nkhuni ayera, ndipo kutentha kwa Okutobala kwa lero si kuja tinakula nako. Ana anga amafotokoza za mpweya uja bwino kuposa mmene ndinkachitira ine, ndipo ndimanyadira. Komabe akabwera kuchokera kusukulu ndi liwu latsopano, maso akuwala, ndimawakhazika pansi kuti andiuze tanthauzo lake kawiri asanatuluke nalo panja. A NyaManda anandikhululukira tsiku lomwe lija, koma anakhala m'nyumba yoyera mpaka imfa yawo.