Tadala wajambula malungo pakhoma la pabalaza

Mwaswera bwanji nonse?

Lero pochokera kumsika ku Nsipe ndapeza khoma la pabalaza, lomwe tinapaka laimu pokonzekera chinkhoswe cha mlongo wathu Naomi, lili mizere ya makala yokhayokha. Wajambula ndi Tadala, mlongo wathu wa ku yunivesiteyu. Pakati walemba "malungo" n'kuzunguliza, kenako mizere yopita ku magazi, chiwindi, kapamba, mankhwala, mpaka kukafika pazenera.

Akuti aphunzitsi awo a zaunamwino anawauza kuti pokonzekera mayeso azitero, kuti aziona mmene chinthu china chikugwirizanira ndi chinzake. Pepala linamuchepera.

Amayi anangotenga nsanza yonyowa n'kupukuta mbali yonse ya kumanzere. Tadala sanalire. Anadikira kuti khoma liume, n'kujambulanso zonse osatsegula buku, uku akutchula mokweza. Ine ndinali nditalijambula kale pafoni, ndiye ndinafananiza. Sanaphonye mzere ngakhale umodzi, mwinanso anachita kuwonjezera.

"Mwaona amayi, zalowa," anatero Tadala.

Amayi anati, "Ngati zalowa m'mutu mwako, pakhoma langa zikufunanso chiyani?"

Chinkhoswe ndi Loweruka lino, mayeso ndi sabata yamawa. Tadala akupempha kuti tisapakenso laimu mpaka atanyamuka kubwerera ku yunivesite. Akuti chithunzi cha pafoni n'chaching'ono, iye amafuna aziloza ndi dzanja. Amayi akuti laimu agulidwe mawa.

Ndiye amalume, inu ndinu ankhoswe, mukuti bwanji? Kungokudziwitsani, mpando womwe tinakonzera apongozi wayang'anizana ndi pomwe palembedwa kuti "kutsegula m'mimba".