Ndinadzinenepetsanso ndi thobwa poopa pakamwa pa anthu

Inu owerenga, ine ndine nkhalamba imene madokotala anaipatsa mwayi wachiwiri, iyo nkuutenga mwayiwo kukaumiza m'ndowa ya thobwa. Dzina langa sinditchula, ngakhale a ku Kawale akangowerenga ndime ziwiri andizindikira. Asekenso, ndinazolowera. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, choncho mukapeza chilembo chikutsimphina, chigwireni dzanja muwoloke nacho.

Ndinali dalaivala wa bwana wina wachizungu pa kampani ina ya fodya ku Kanengo. Ntchito imeneyi ndi yokhala pansi, ndipo paliponse pamene bwana waima, dalaivala amatafuna. Ku Kasungu nyama yootcha, pa Mponela tchipisi, pa Lizulu chilichonse chimene chabwera pawindo. Ndinanenepa mpaka chiwongolero chinkandisiya mzere pamimba. Zingwe za nsapato ankandimanga ndi mkazi wanga Nangozo, chifukwa mapazi anga ndinali nditasiya kuonana nawo. Anthu ankanditcha bwana, ena nkumaganiza kuti galimotoyo ndi yanga, ndipo ine sindinkawatsutsa. Koma m'kati munali shuga, kuthamanga kwa magazi, ndi tulo tosadziwa nthawi. Tsiku lina masanasana ndinasinza ndili pa chiwongolero, galimoto nkukalowa m'munda wa eni ake cha ku Lumbadzi. Palibe anavulala, koma bwana anatuluka atayera kuposa mmene Mulungu anamulengera.

M'malo mondichotsa ntchito, bwanayo anakamba ndi akuluakulu a kampani, ndipo ananditumiza ku Joni kukaonana ndi dokotala wina. Ine ndinkayesa ndikalandira mapiritsi. Dokotala uja anajambula chifu papepala nkudula mzere chakumtunda kwake. Anati asoka pamenepo, kuti chakudya chizigwera m'kathumba kakang'ono ngati dzira la nkhuku, ndipo kathumbako kakadzaza ndizimva kukhuta. Ndinamufunsa kuti nanga chifu chotsalacho apita nacho kuti, poti mwina kumeneko amagulitsa. Anati chikhala momwemo, chizingolandira pang'onopang'ono kudzera pa kabowo. Ndinavomera, ndipo ndinadzuka ndili ndi bala kuyambira pansi pa chifuwa mpaka pamchombo.

Kulakwa kwanga kunayambira pobwerera. Chinali chaka chija cha chilala, anthu akudya ufa wachikasu wa chithandizo, ena akugona ndi madzi okha m'mimba. Tsono ine ndikaime pakati pa Kawale nkunena kuti ndinakwera ndege kukachepetsa chifu chifukwa ndinkadya kwambiri? Manyazi anandigwira. Ndinauza anthu kuti ndinapita ku kosi ya udalaivala, ndipo Nangozo ndinamulumbiritsa kuti asauze munthu, ngakhale mng'ono wake.

Miyezi yoyambirira inali yodabwitsa. Ine amene ndinkagwetsa mitanda inayi nkufunsa ngati mumphika mwatsala kanthu, tsopano ndinkadyera pa sosala. Mbamu zitatu, basi ndakhuta. Ndikaumirira yachinayi, inkabwerera njira yomwe yadzera. Thupi linayamba kusungunuka. Telala wa pamsika anabweza thalauza langa mpaka matumba a kumbuyo anakumana pakati. Shuga anatsika, befu anatha, mkonono unaleka, moti Nangozo anati m'nyumba mukumveka ngati mwa eni ake. Ndinaonananso ndi mapazi anga, ndipo ndinapeza kuti si okongola kwenikweni.

Koma kumbukirani zaka zimenezo. Maliro anali osatha, ndipo matenda ake sitinkawatchula dzina. Tinkangoti kaliwondewonde, kapena matenda a boma, nkuyang'ana pansi. Tsono taonani: munthu ndi dalaivala, wapita ku Joni, wabwerako akuwonda, sakudya, nthawi zina akusanza kuseri kwa nyumba. Inu owerenga, mukanakhala inu mukanati chiyani? Ine ndemwe ndinanenapo anthu ena pa zizindikiro zochepa kuposa pamenepa.

Za ine ndekha ndikanapirira. Chimene chinandipweteka ndi Nangozo. Iyeyu ankagulitsa thobwa pafupi ndi chigayo, ndipo thobwa lake linkatha dzuwa lisanafike pamutu. Mwadzidzidzi anthu anayamba kudutsa patali ngati pali njoka. Makapu aja amene ankangowatsukuluza m'beseni zaka zonsezi popanda wodandaula, tsopano anakhala oopsa. Lero tikudziwa kuti matendawa sayenda pa kapu, koma nthawi imeneyo mantha ndi amene ankaphunzitsa anthu. Ndowa inkapita yodzaza, nkubwerera yodzaza. Pamaliro amayi anzake anasiya kumupatsa mthiko. Ankati, “Inu Nangozo pumulani, kayimbeni nawo m'nyumbamo.” Iye ankabwera kunyumba nkumangokwecha mphika womwe wakwecha kale.

Mnzanga wa bawo, a Gondwe a ku Rumphi, amenenso ndi mkulu wa mpingo, anabwera tsiku lina atavala jekete, Baibulo lili m'khwapa. Bawo analisiya. Anandigwira phewa nkunena motsitsa mawu kuti, “Adada, nthawi idakalipo, konzani zinthu zanu ndi Mulungu.” Pamenepo mpamene ndikanawauza zoona. M'malo mwake ndinatsinzina, iwo nkundipempherera ngati munthu amene bokosi lake akulipala kale, ine nkuyankha ameni.

Madzulo ena ndowa inabweranso ili pafupifupi yodzaza, thobwa litayamba kusasa. Ndinamva chisoni kuti litayidwe. Ndinatunga kapu imodzi, kumwa, nkukhala phee kudikira ululu wa pachifuwa umene unkabwera ndikadya mopitirira. Sunabwere. Ndinatunga yachiwiri. Inadutsa bwinobwino. Yachitatu chimodzimodzi. Apa chidwi chinandigwira, poti ine chibadwire ndine munthu wofuna kudziwa mmene zinthu zimayendera. Wailesi ziwiri ndinazipha pofuna kuona m'kati mwake. Ndinayamba kuyesa chimodzichimodzi. Phala lamadzimadzi lothira nsinjiro ndi shuga, linadutsa. Buledi wonyika mu tiyi wa mkaka, anadutsa. Chiponde chonyambita pa supuni, chinadutsa. Nyama yokha ndi nsima yolimba ndi zimene zinkagwidwa. Ndinazindikira kuti dokotala uja anaika mlonda pachipata amene amagwira onyamula katundu, koma madzi amangodutsa pansi pa geti.

Kunena zoona, dokotalayo anali atandichenjeza za zakumwa zotsekemera. Koma anayankhula m'Chingerezi, ndipo Chingerezi changa chimathawa chikamva zimene sindikufuna.

Ndinadziuza kuti ndingobwezeretsa masaya pang'ono, anthu atseke pakamwa, kenako ndisiye. Ndinkamwa tsiku lonse, pang'onopang'ono, botolo lili pansi pa mpando wa galimoto. Masaya anabwera. Khosi linabwera. Mimba nayo inabwera ngakhale sindinaiitane. Ndipo taonani zodabwitsa, makasitomala a Nangozo anayamba kubwerera, mthiko wa pamaliro unabwerera m'manja mwake, a Gondwe anaimirira m'tchalitchi kuthokoza kuti pemphero lawo layankhidwa. Thobwa linasiya kutsala, moti ndinayamba kumuuza Nangozo kuti aziphika loonjezera la ine. Ankaphika, koma akundiyang'ana ndi diso limene sindinkalikonda.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wa ku Biwi amene sitinkamudziwa. Anagwada pakhomo nkunena kuti mwana wake wamwamuna ali gone, watha thupi lonse, ndipo wamva kuti ine ndinadwala matenda omwewo koma ndinachira. “Bambo, tiuzeni kumene munapeza mankhwala, ngakhale kukhale kutali tipita.” Inu owerenga, ine wokamba nkhani zosatha, tsiku limenelo ndinangoti apite naye kuchipatala. Mayi uja anachoka akuganiza kuti ndamumana. Bodza langa linali litayamba kuyenda lokha m'makomo a anthu, koma ngakhale pamenepo sindinaulule, ndipo botolo sindinalisiye.

Zonse zimene ndinazisiya ku Joni zinanditsatira chimodzichimodzi. Befu, ludzu losatha, tulo ta masana. Bwana atandiona ndikusinzanso pa loboti, sanakalipe. Anangoyang'ana mimba yanga nthawi yaitali, ndipo mwezi womwewo anandipumitsa ntchito. Kenako kabala kakang'ono kanatuluka pa chala cha kuphazi nkukana kupola. Chala chitayamba kuda, Nangozo ananditengera ku chipatala china cha mishoni.

Dokotala wa kumeneko ataona chipsera changa anaitana anzake kuti adzaone, poti opaleshoni yotere ankangoiwerenga m'mabuku. Anandifunsa chimene ndimadya. Ndinayankha mwaulemu kuti, “Ine adokotala sindidya kwenikweni, ndimangomwa.” Atafunsa kuti ndimamwa zochuluka bwanji, Nangozo anandiyankhira: “Ndowa.”

Chala chija chinatsala komweko. Dokotala anati ndikapitiriza, phazi litsatira, kenako mwendo. Anati kathumba kaja katamuka koma kadakalipo, ndipo kakhoza kundigwirirabe ntchito ndikasiya kukazembera. Opaleshoni ina panalibe, ndipo kampani yolipira inalibenso. Anandiuza kuti ndiziyamba ndi ndiwo, monga nyemba, usipa, dzira ndi masamba, kutafuna mpaka nsagwada zidandaule, nsima pang'ono pomalizira. Ndisamwe kanthu pamene ndikudya, madzi ndizimwa nthawi ina, zotsekemera ndiziiwale. Bala likapola ndiziyenda, ndipo ndizibwera kudzakwera sikelo, osadikira kuti chinthu china chide.

Titafika kunyumba ndinamuuza Nangozo chimene chinkandivuta. Ndinati ndikawondanso, ndowa yake iyambanso kubwerera yodzaza, ndipo amayi aja amulandanso mthiko. Iye anati, “Bambo a Esnati, ndowa ikabwerera yodzaza ndikathirira nkhumba. Koma mukafa ndi mafuta anuwa, anthu adzanenabe kuti ndi matenda omwe aja anangobisala. Ndipo inu simudzakhalapo kuti muvule malaya awone. Ndidzatsala nazo ndekha.”

Loweruka lina m'mawa, phazi litapola, ndinatsimphina mpaka pachigayo, nthawi imene amayi amakhala atandanda ndi matumba awo ndipo amuna ali pa bawo pansi pa mtengo. Ndinaima pafupi ndi ndowa ya Nangozo nkumasula mabatani onse. Nkhalamba ya imvi, mimba pamtunda! Amayi anakuwa nkudziphimba kumaso ndi zitenje, koma ndinaona maso akusuzumira m'mbali. Ndinaloza chipsera nkufotokoza zonse: kuti kosi ya udalaivala kunalibe, kuti anandisoka chifu chifukwa cha kudya, kuti ndinanenepanso dala ndi thobwa, ndipo kuti kuyambira tsopano andiona ndikuwondanso, asavutike kundipalira bokosi.

Kenako a Gondwe anaika nkhomo zawo pansi nkunena kuti, “Adada, ndiye kuti inu munakwera ndege kukagula njala? Ife kuno timaipeza ulere!” Chigayo chonse chinafa nacho chiseko. Manyazi amene ndinawathawa nthawi yonseyi mpaka kutaya ntchito ndi chala, anandigwera onse pamodzi, ndipo sanandiphe. Kenako mafunso anayamba. Wina amafuna kudziwa ngati anasoka ndi ulusi kapena waya, wina ngati kathumbako kamamveka ukagwira, mayi wina nkufunsa ngati angatumizeko mwamuna wake. A Gondwe anangodandaula kuti ndinawabera pemphero lawo labwino.

Musaganize kuti zinatheka tsiku limodzi. Kuwonda kwachiwiri kunali kwa pang'onopang'ono, ndipo thupi silinabwerere pomwe linafika poyamba. Tangoganizani kusiya thobwa m'nyumba imene amaphikamo thobwa, fungo la chimera likukupeza pa mkeka. Ndinagwapo kangapo. Tsiku lina Nangozo anandipeza ndikulumbira kuti sindinayandikire ndowa, masese ali m'ndevu. Koma chimene ndinaphunzira nchakuti ukagwa lero, mawa umabwerera pa sosala yako, osati kunena kuti zawonongeka kale bola ndimalize ndowa. Ndinayamba kuyenda m'mawa uliwonse, poyamba mpaka pachigayo, kenako mpaka ku Biwi. Kumeneko ndinafunsafunsa za mayi uja mpaka ndinapeza nyumba yake, ndinamuuza kuti mankhwala ndinalibe. Mwana wake anali atamuika kale.

Makasitomala ena a Nangozo amene anathawanso nditawonda anabwerera, ena mpaka lero amati chipseracho ndi chophimbira. Iye amangoti amwe kwina.

Tsono inu owerenga, makamaka inu amene dokotala anakuthandizani kuchepetsa thupi, kaya ndi mpeni kaya ndi malangizo, ndipo mwaona lamba wayambanso kukuthinani: musadikire kuti chala chide. Bwererani kuchipatala mudakali ndi zala zonse, ndipo mukanene zoona za zimene mumamwa, chifukwa chakumwanso ndi chakudya. Musanenepere anthu a pamsewu. Amene ankandiyamikira kuti ndachira, palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzanditsuka bala. Ndipo mukaona munthu wawonda, musamupime ndi maso. Ine ananditaya ndisakudwala nkomwe. Nanga amene ankadwaladi, tinkawasiya okha motani?

Mukadzadutsa ku Kawale, fikani pachigayo mugule kapu kwa Nangozo. Mukaona nkhalamba yowonda itakhala pambali ikukuyang'anani pakhosi pamene mukumeza, musaimvere chisoni, ndipo chonde musaigulire. Imwani nokha, mundiuze ngati shuga wakwana.