Tsiku Limene Alamu Anavala Duku

A Malata ndi munthu wa pamwamba. Moyo wawo wonse akhala akukhoma madenga a anthu, misomali ili kukamwa, dzuwa likuwawotcha pankhongo. Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale, moti ngakhale akazi awo akapsa mtima amati, "Inu a Malata inu!"

Matenda ojambula anawatenga atakula kale. Tsiku lina anakakonza denga lodontha kwa mayi wina wojambula zithunzi za maukwati, ndipo potsika anaona kamera yakale pashelefu. Anaiyang'ana mpaka mayiyo anachita manyazi.

"Tengani mukaseweretse, bambo. Mukajambula muzinditumizira pafoni, ndizikuuzani pamene mwalakwitsa."

Abale inu, munthu wamkulu kubwerera kunyumba akudumphadumpha mumsewu, makwerero ataiwala komweko!

Chimene chinawasangalatsa chinali chimodzi. Akazi awo ndi akuda, kuda kosalala kokongola kuja, koma pachithunzi chilichonse ankatuluka bii, maso ndi mano basi. Chithunzi cha ukwati wawo mukachiona mungati diresi loyera likuyenda lokha pambali pa mkwati. Anthu ankaseka, mayiwo nawo ankaseka nawo, koma munthu akangokweza foni iwo ankapezeka ali kukhitchini. "Ine ndine wosajambulika," ankatero. Mawu amenewa ankawapweteka a Malata, chifukwa nkhope imeneyo iwo ankaidziwa bwino.

A Malata anapempha kuti awajambule, anachonderera, mpaka mayiwo anatopa.

"Kamodzi kokha, abambo. M'nyumba muno, osati panja anthu akuonerera. Ndikatulukanso mdima, musadzandivutitsenso mpaka imfa."

Kamodzi kokha si nkhani yoyeserera pa mwini wake. Pankafunika nkhope yophunzirirapo, ndipo a Malata sanavutike kuipeza: mlamu wawo wokonza njinga, mchimwene wa akazi awo. Khungu lomwelo, mphuno yomweyo, kusiyana ndevu zokha. Mayiwo atapita kuntchito kwawo kosoka, alamu anaitanidwa.

"Valani dukuli, alamu."

"Mwapenga?"

"Achemwali anu adzavala lomweli, ndipo ndi loyera. Kamera iyenera kulizolowera."

Alamu anatukwana pang'ono, kenako anamanga duku, ndipo kunena zoona anamanga bwino kuposa mmene munthu angayembekezere.

A Malata anawakhazika pampando msana utaloza zenera, poganiza kuti powala m'pamene pali pabwino. Khethe! Anatumiza. Posakhalitsa foni inalira, uthenga wa mawu, ndipo unayamba ndi chiseko.

"Bambo, mwandijambulira chitsa chovala duku! Kamera yanu yaona zenera lowala ndiye yatsinzina, ngati mmene inu mumachitira padenga. Zenera likhale pambali pa munthu, osati kumbuyo. Komanso chipinda chanucho chikuoneka chamdima."

A Malata anangomva mawu omalizawo. Chipinda chamdima, m'nyumba mwa munthu wa madenga? Asa! Anabwereka makwerero kwa aneba, anakwera, anazula misomali, n'kuchotsa lata limodzi pamwamba penipeni pa mpando. Dzuwa linagwera m'balaza ngwee, pamodzi ndi fumbi la zaka zambiri ndi buluzi wonenepa amene anatera pamiyendo pa alamu. Kukuwa kwake ana a aneba anathamangira pazenera.

Chithunzi chachiwiri chinatuluka chipumi chikunyezimira, maso atalowa m'maenje.

"Kalanga ine, uyu ndi chigaza!" anatero mayi wojambula, akupuma movutikira ndi kuseka. "Mwachita chiyani? Mwachotsa lata? Bwezerani mvula isanakuchititseni manyazi! Kuwala kochokera pamwamba kumakumba maso. Ndati pambali, bambo, pambali. Ndipo mbali inayo muike chinthu chobweza kuwala, kuti tsaya linalo lisasowe."

Lata linabwerera pamalo pake. Koma chobweza kuwala a Malata anali nacho chambiri pakhonde: lata latsopano, lonyezimira waliwali. Analiimika pafupi ndi mpando. Alamu anagwira kumaso n'kufuula kuti achititsidwa khungu, ndipo misozi inayenderera mpaka m'ndevu.

"Mundipha ndi chikondi chanuchi, alamu! Bwanji osangowauza achemwali kuti ndi okongola?"

"Ndawauza zaka zonsezi. Sakhulupirira."

Alamu anakonza duku.

Atamva za latalo, mayi wojambula anayankha mwachifatse, ngati akulankhula ndi mwana wa sukulu ya mkaka. Nsalu yoyera ya pabedi, osati chitsulo. Katani yopyapyala ikhale yotseka kuti kuwala kufewe. Ndipo kagudumu kali pamwamba pa kamera akapotoze pang'ono kuloza chizindikiro cha kuphatikiza, kuti kamera itsegule diso, ione khungu osati duku.

Anayanika nsalu pamipando iwiri. Anakoka katani. Anapotoza kagudumu. Alamu, amene tsopano ntchito inali itawalowa m'magazi, anatenga kachikwama ka achemwali awo, anapingasa miyendo, n'kupendeketsa mutu mwamanyazi. Khethe!

Ha! Nkhope inatuluka yonse, masaya onse awiri, kakuwala m'diso. A Malata anavina ndi kamera m'manja, anagunda tebulo, anawapsompsona alamu pachipumi. Uthenga utabwera anaukweza mawu mpaka kumapeto.

"Eya! Kuwala ndi kumeneko, musasinthenso kanthu. Koma bambo... ndifunse mwaulemu. Mayi akunyumbawa, ndevuzi anayamba liti?"

Mawu amenewa anamveka chitseko chikutseguka. Mayi akunyumba enieniwo anaima pakhomo. Anayang'ana nsalu yawo ya pabedi, fumbi pansi, lata m'balaza, kenako mchimwene wawo atavala duku lawo, kachikwama pamwendo.

"Achimwene?"

"Ndikhoza kufotokoza, achemwali."

Sanafotokoze. Mayiwo anaphulika chiseko choti a Malata sanachimvepo chikwatirane. Anagwira pamimba, anadzandira, anakankha alamu pampando n'kugwerapo okha, misozi ili chuchuchu, nkhope itatembenukira kwa amuna awo. Zenera linali pambali. Chala cha a Malata chinadina chokha.

Mayiwo anasiya kuseka.

"Mwajambula?"

"Ndajambula, mayi."

"Ndiye kamodzi kaja katha. Bweretsani."

Apa a Malata mantha anawagwira kwenikweni, kuposa tsiku lililonse limene anayendapo padenga lonyowa. Iwo eni anali asanachione. Anapereka kamera.

Mayiwo anayang'ana. Anayandikitsa kumaso. Panali kachipsera ka pansidze kamene anakapeza ali mwana, kampata ka mano, timakwinya ta m'mbali mwa maso, ndi masaya akuwala ngati apakidwa mafuta. Anakhudza tsaya lawo ndi zala, ngati akufuna kutsimikiza.

"Ameneyu ndi ine?"

"Ndinu."

"Ndiye zaka zonsezi inu mumaona zimenezi?"

"Tsiku lililonse."

Alamu anavula duku mwakachetechete n'kupukutira mphuno. A Malata, posowa chochita ndi manja, anatambasula dzanja kuti atenge kamera, atumize kwa mayi wojambula amve ngati kuwala kuli bwino. Akazi awo anaikokera pachifuwa.

"Dikirani kaye, abambo. Sindinamalize kumuona."