Masiku atatu moyang'anana ndi depoti ya feteleza

Chaka chimene feteleza wotsika mtengo anayamba kugulidwa ndi chitupa cha unzika, ine ndinali nditabwerera kwathu ku Kaomba. Dipuloma yanga ya zamakompyuta inali m'sutikesi pamodzi ndi laputopu ya pakaunjika, ndipo manja anali atazolowera kale kuthirira nazale ya fodya. Bambo anali atamwalira, amayi anatsala okha ndi munda. Anthu ankandiyamikira kuti ndine mtsikana wabwino, ndabwera kudzathandiza amayi. Zoona zake n'zakuti ndinalibe kwina kopita, ndipo kuyamikirako kunkandinyansa.

Mvula itangoyamba, kampani ina ya ku Lilongwe inayankha kalata yanga yofunsira ntchito. Inanditumizira mayeso: ndilembe pulogalamu yowerenga mndandanda wa katundu n'kuusanja, nditumize ikugwira ntchito pofika Lachisanu 12 koloko masana. Ankafuna ilembedwe m'chilankhulo china cha makompyuta chouma mtima, chimene chinthu ukachipatsa dzina sichisinthanso. Pulogalamu yonse imakhala tizigawo tolandira chinthu n'kubweza china, ndipo ntchito ikafunika kubwerezedwa, kachigawo kamadziitana kokha. Ndinkachikonda chifukwa sichinyengerera munthu, ukalakwitsa chimakukanira pomwepo.

Kwathu kulibe magetsi, ndipo batire ya laputopu inafa kalekale, choncho pulogalamuyo ndinailemba m'kope nditakhala pansi pa chigafa. Lachitatu amayi ankapita kukagula feteleza, ine n'kuwakweza panjinga. Moyang'anana ndi depoti panali nyumba yometera, ndipo mwini wake, bambo wanthabwala, anandilola kulumikiza laputopu pa soketi ya pakona, pafupi ndi pamene ankasesera tsitsi.

Vuto loyamba ndinaligwira msanga. Kachigawo kodziitana kaja ndinaiwala kukauza chochita mndandanda ukatha, ndiye kanangozungulira osaima, laputopu n'kutentha ngati ayironi. Ndinawonjezera mzere umodzi, kanakhazikika. Ndinamwetulira ndekha, mumtima ndikudziona kale ndili m'basi ya ku Lilongwe.

Chinatsala n'kumanga pulogalamu yonse kuti ikhale chinthu chimodzi. Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi chida china, chimene chimayamba chapita pa intaneti kukatenga zidutswa zolembedwa kale ndi anthu ena. Ndinayatsa intaneti ya pafoni, n'kuchilamula. Chinaganiza pang'ono, kenaka chinalavula mizere yofiira yodzaza galasi lonse. Mzere wapamwamba unkati kulumikizana kwalephera.

Nthawi yomweyo kalaliki wa kudepoti anatulukira pakhonde atanyamula foni yojambulira zitupa.

"Netiweki yavuta, makolo! Dikirani!"

Mzere wonse wa anthu odikira feteleza unang'ung'udza. Ine ndinagwedeza mutu ngati wodziwa zinthu, ndinati matenda ndi amodzi. Masiku amenewo mawu akuti netiweki ankayankha funso lililonse. Ngakhale wometa uja akatsegula mochedwa, ankauza makasitomala ake kuti inali netiweki, iwo n'kuseka.

Palibe chimene sindinayese. Ndinasintha simu. Ndinakoleka foni pamsomali wa pakhonde, kenaka pa nthambi ya mtengo wa mango. Ndinafufuta zonse zimene chidacho chinasunga n'kuyambiranso. Ndinachiuza kuti chikatenge zidutswazo kumalo ena. Mizere yofiira inkabwera yomweyo, ine n'kumangowerenga wapamwamba uja basi. Foni yanga inkalandira mauthenga bwinobwino, koma ndinadziuza kuti mauthenga ndi opepuka, n'chifukwa chake akudutsa.

Lachinayi zinali chimodzimodzi. Amayi anayala chitenje pamzere, ine ndili pakona yanga, msewu uli pakati pathu. Tikayang'anana ankatambasula manja, nanenso n'kutambasula anga. Madzulo tinabwerera njinga ili yopepuka. Ndinkaona minda ya fodya wongowokera kumene mbali zonse ziwiri mpaka kumene maso amathera, ndipo ndinachita mantha kuti ndidzakalambira momwemo.

Lachisanu, 11 koloko itadutsa, amayi anaoloka msewu kudzamwa madzi. Anaima kumbuyo kwanga akuyang'ana galasi. Chingerezi sadziwa, koma manambala sawaphonya, zaka zonsezi akhala akuwerenga zikwangwani za pa mabelo a fodya. Analoza pakona ya m'munsi.

"Iwe, makina akowa akuti lero ndi liti?"

"Musagwire, amayi, ndili pantchito."

"Sindikugwira. Koma apa palembedwa Januwale. Ndipo chaka ichi si chija unali ku pulayimale, chija tinakugulira nsapato zazikulu?"

Ndinayang'ana. Amayi ankanena zoona. Ndinabwerera ku mizere yofiira ija, ulendo uno n'kuwerenga mpaka pansi. Mzere wotsiriza unkanena momveka bwino kuti chiphaso cha malo amene ndikutengako zidutswa sichinayambe kugwira ntchito. Kabatire kosunga nthawi m'kati mwa laputopu kanafera m'sutikesi muja, makinawo n'kubwerera ku chaka chimene anapangidwa. Kwa iwo chiphasocho chinali cha zaka zam'tsogolo, ndiye ankachikana. Akanatha kudzikonzera okha nthawi, koma ine mwini ndinali nditatseka chilichonse chodziyendera chokha pa intaneti, kuopa kundidyera bandulo. Ndinkadzitama nazo nzeru zimenezo.

Ndinakonza tsiku ndi nthawi. Chida chija chinayamba kukoka zidutswa mosavuta konse, pa netiweki yomweyo imene ndinaitukwana masiku atatu. Koma chidutswa chilichonse chinkaitana anzake, ndipo chilichonse chinkafunika kumangidwa pachokha. Laputopu yokalambayo inkapuma mwaphuma. Wometa anazimitsa wailesi, kaya pondimvera chisoni kaya poganiza kuti zithandiza.

"Asisi, zitheka?"

Ndinkayang'ana wotchi yomwe ndinali nditangoikonzayo ikuyenda molondola, mphindi ndi mphindi, mpaka inakwana 12 koloko zidutswa zisanafike ndi theka lomwe.

Cha m'ma 1 koloko kudepoti kunamveka nthungululu. Foni ya kalaliki inali itagwira, mzere unayamba kusuntha. Pulogalamu yanga inamalizika amayi akulandira thumba lachiwiri. Ndinaiyesa, inasanja mndandanda wonse popanda cholakwika ngakhale chimodzi. Tsamba la kampani lotumizirapo mayeso linali litatsekedwa. Ndinalemba kalata yopepesa n'kuitumiza pamodzi ndi pulogalamuyo, koma sanandiyankhe.

Tinamanga matumba awiriwo panjinga, laputopu ndinaibereka kumbuyo ndi chitenje, tinayamba kukankha. Amayi anali osangalala, ankakamba zoti m'mawa tilawirire kuthira feteleza chimanga cha kumtunda nthaka ikadali yonyowa. Pafupi ndi kwathu tinakumana ndi mayi wina woyandikana nafe nyumba, amene ankadziwa za mayeso anga.

"Nanga za ku Lilongwe zija zayenda?"

Ndinatsegula pakamwa, koma amayi anandiyankhira.

"Netiweki, anzanga. Mwanayu anachita zake zonse."

Mayiyo anagwedeza mutu, sanafunsenso. Amayi ankadziwa bwino lomwe kuti sinali netiweki, paja wotchi ija anaiona ndi iwo. Sanandiyang'ane, anangogwira thumba lakumbuyo kuti lisatsetsereke. Ine ndinaweramira pa handulo n'kupitiriza kukankha, ndipo m'mawa mwake ndinali m'munda ndi kachikho kothirira feteleza.