Masiku Atatu a Mankhwala a Liwombo

Mwana wanga wamkazi atabadwa, mutu wake unkakula mofulumira kuposa thupi. Adokotala anati m'mutu mukudzaza madzi. Ku Lusaka anamuika kapaipi kochokera m'mutu, kodutsa pansi pa khungu kuseri kwa khutu mpaka m'mimba. Potitulutsa, anesi anandiuza kuti, "Amayi, akayamba kusanza, kugona kwambiri, kapena liwombo likatupa, musadikire. Ndiye kuti paipi yatsekeka."

Tinabwerera ku Madzimoyo kwa apongozi anga aakazi, poti bambo a mwanayu ankatsitsa katundu m'malole ku Mwami. Miyezi inayi inali yabwino. Ndikamapeta chimanga mwana ankanditsatira ndi maso kulikonse. Ndikabisa nkhope kuseri kwa lichero n'kutulukira, ankaseka mpaka kutsokomola.

Lachiwiri lina anasanza kawiri. Liwombo linali litatupa, lolimba. Apongozi anagwirapo ndi chala.

"Ili ndi liwombo chabe. Ana anga onse ndinawapaka mankhwala, si awa akupalasa njinga?"

"Koma anesi aja anati..."

"Anati chiyani? Kwezani mawu, inu mumalankhulira kukhosi ngati nkhunda."

Ndinayang'ana pansi. Kwathu anandilangiza kuti mpongozi sayankhidwa pakhomo pake. Apongozi anasakaniza phulusa la mizu ndi mafuta a nsatsi, n'kumupaka mwana paliwombo. Amene ndinamugwirira mutu ndine. Anati tidikire mankhwala alowe, ndipo tinadikira masiku atatu.

Tsiku lachinayi mwana sanadzuke kuti ayamwe. Ndinamubereka osatsanzika, ndinathamangira kumsewu, ndinakwera minibasi ya ku Chipata. Kuchipatala anatitumizanso ku Lusaka. Paipi anaisintha, moyo wake anaupulumutsa. Koma adokotala atamuwalitsa tochi m'maso, sanaphethire. Anati madzi anapanikiza mitsempha ya maso nthawi yaitali.

Apongozi atamva analira kuposa ine. Mpaka pano amatumiza mbatata ndi nsinjiro. Sindinawanenepo kanthu.

Tsopano tikukhala ku Kapata, ndipo mwanayu ali ndi zaka zitatu. Amayenda chogwira khoma. Amadziwa phazi la bambo ake asanafike pakhomo. Anthu amati ndizithokoza, ndipo ndimathokozadi.

Koma m'mawa ndikamamusambitsa, maso ake amakhala otsegula bwinobwino, okongola monga kale, atalunjika pambali panga, cha ku ndowa. Pakakhala palibe wondiona, ndimasendeza mutu pang'onopang'ono mpaka ndifike pomwe alunjikapo. Ndimakhala pamenepo, madzi n'kumazizira m'beseni.