Jeremiya Akatenga Mkulu Wake ku Halale

Jeremiya Namakhwa anali kalipentala wa pa Songani. Makolo ake anachokera ku Mozambiki iye asanabadwe, namanga m'mphepete mwa mtsinje wa Domasi. Ali mnyamata, mu 1936, anatsagana ndi mkulu wake Morton kukafuna ntchito ku Halale. Anayenda pansi kudzera ku Mwanza, nawoloka Zambezi pa bwato ku Tete, ndipo ulendowo unawatengera masabata asanu. Patatha zaka zinayi Jeremiya anabwerera kumudzi ndi landa ndi sowo, nakwatira. Morton anatchona.

Mu Juni 1967 kunabwera telegalamu yochokera kwa anzake a Morton. Inati mkuluyo wafa ziwalo mbali imodzi, alibe womusamala, ndipo akulira kwawo. Janeth, mwana woyamba wa Jeremiya, yemwe anali namwino ku Blantyre, ndiye anathamangathamanga za chiphaso ndi matikiti.

"Ababa, wodwala chotero sangapirire basi ya ku Tete. Mukawatenge pa ndege," anatero Janeth.

"Ndege imagona kuti panjira?"

"Sigona. Kuchoka pa Chileka kukafika pa bwalo la ku Halale ndi mamailosi ngati mazana atatu. Ola limodzi ndi theka mwafika."

Jeremiya sanatsutse, komanso sanakhulupirire. Anauza mkazi wake Eluby kuti amuwotchere mbatata ndi kumukazingira chimanga cha masiku atatu.

Tsiku la ulendo anadikira basi pa Songani kuyambira m'bandakucha, ndipo pofika pa Chileka dzuwa linali litapendeka. M'ndegemo anakhala cha pawindo, chipewa pamaondo. Makutu atatseka anayamba kumeza malovu monga Janeth anamulangizira. Atangomaliza tiyi amene anamupatsa, mzimayi woyandikana naye analoza pansi nati uyo Zambezi. Jeremiya anaona kamzere kotuwa. Pamenepo ndi pomwe iye ndi Morton anakhalapo masiku awiri kudikira bwato, mapazi atatupa. Anafuna kuti aonetsetse, koma mtambo unatchinga. Anatsika ku Halale mbatata zonse zili m'thumba.

Jeremiya anamupeza Morton m'kachipinda ka mnzake, atawonda, pakamwa patapotoka. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri zinali zitapita asanaonane.

"Achimwene, ndabwera kudzakutengani."

"Wanyamuka liti kumudzi?" anafunsa Morton movutikira.

"Lero lomwe."

Morton atamva zimenezo anayamba kulira.

Anabwerera patatha masiku anayi. Pa masitepe a ndege Jeremiya anakana mpando wonyamulira odwala, nabereka mkulu wake kumbuyo mpaka m'kati. Janeth anawachingamira pa Chileka ndi galimoto ya mnzake.

Morton anakhala kumudzi madzinja awiri. Jeremiya anamukhomera mpando wotsamira, ndipo m'mawa uliwonse ankamukhazika pakhonde la shedi yake ya ukalipentala kuti aziona anthu opita ku msika. Dzanja lamanzere la Morton linali lamoyo, choncho ankagwirizira matabwa mng'ono wake akamacheka. Anamwalira mu Epulo 1969, ndipo bokosi lake Jeremiya analikhoma yekha ndi matabwa a mbawa.

Sanakwerenso ndege. Anapitiriza kupanga zitseko ndi mabenchi a matchalitchi a m'dera la Domasi mpaka maso atayamba kuchita chidima, ndipo shediyo anaisiyira mkamwini wake.